Kamba wanu sanapenge, wakula

Mafumu athu amene mwakhala kutsogoloku, landirani ulemu wanga. Aphunzitsi amene mumayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu za kuno, abambo ndi amayi amene mumasamalira maluwa ndi kulondera m'makoteji ndi m'malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola, pano pa Makokola, mpaka ku Nkhudzi, ndi inu ana asukulu mwadzaza kumbuyoko, nonse ndakuonani.

Kuno kunyanja mukamva kuti kwabwera munthu wodzayankhula za chilengedwe, mumadziwiratu kuti nkhani ikhala ya chambo chimene chikusowa, ya masikito amene asanduka makoka, kapena ya mvuu ndi ng'ona. Lero ayi. Ndabwera ndi nkhani ya nyama imene palibe amaithawa, ndiyo kamba, yemwe ena mumamutcha fulu. Ndikunena wapamtunda uja, osati nkhasi ya m'madzi. Alipo m'mipanda yambiri m'mbali mwa nyanja muno. Wina anachita kutoledwa ndi mwana pochokera kusukulu, wina anagulidwa pamsewu ndi mwini koteji, wina anasiyidwa ndi mzungu amene anabwerera kwawo, mlonda n'kutsala naye.

Madandaulo a anthu osunga akamba amafanana kulikonse. Amati: "Kamba wathu uja wapenga. Zaka zonsezi anali wofatsa, akudya masamba pakhonde, ana akumusisita. Chaka chino wayamba kugunda mnzake mpaka kumugadabuza. Akungozungulira mpanda tsiku lonse. Dzana analuma chala cha mwana, ndipo dzulo tinamupeza atakwera nsapato ya abwana, kukamwa kuli yasa, akubuula." Ena amatsitsa mawu n'kufunsa ngati si malodza amenewa. Sindiwaseka ofunsa chonchi. Kamba tinamudziwira m'nthano, mmene ndi mkulu wodekha amene anagwira Kalulu pachitsime nyama zamphamvu zitalephera. Ndiye kumuona akuchita ndewu pabwalo, mtima uyenera kudumpha.

Yankho langa n'lalifupi, ndipo ndilibwereza kangapo kuti mupite nalo kunyumba. Kamba wanu sanapenge. Wakula. Watha msinkhu, ndipo zimene thupi lake likumuuza kuti achite zinalengedwera tchire lalikulu, osati mpanda wa njerwa. Ndiyala nkhaniyi m'mfundo zisanu. Yoyamba, kudziwa kamba amene muli naye. Yachiwiri, nthawi imene amatha msinkhu ndi zizindikiro zake. Yachitatu, ndewu ya aamuna ndi nkhani ya malo. Yachinayi, kukwerana ndi mazira. Yachisanu, chimene inu ndi ine tiyenera kuchita.

Mfundo yoyamba: dziwani kamba amene muli naye.

M'mipanda yathu timapezamo magulu awiri. Loyamba ndi la kamba wamkulu wa chigoba chotukuka, chachikasu chamawanga akuda onga a nyalugwe. Ameneyu amakonda madera otentha, monga kuchigwa cha Shire. Wamkulu bwino amatalika masentimita 40 n'kulemera makilogalamu 13 kapena kuposerapo, ndipo ku South Africa ndi ku Ethiopia alipo ofika masentimita 70 ndi makilogalamu 40. Chakudya chake ndi udzu ndi zomera zamadzimadzi, koma mukamuona akukukuta fupa lakale musadabwe, akufuna mchere wolimbitsa chigoba.

Gulu lachiwiri, limene ana athu amatola kawirikawiri mvula ikagwa, ndi la akamba aang'ono, otalika masentimita 20 kapena kuchepera apo, amene chigoba chawo chakumbuyo chimapindika n'kutsekera miyendo ndi mchira akaopsezedwa. Mmodzi wa gulu limeneli dzina lake la sayansi ndi Kinixys zombensis, chifukwa amene katswiri John Hewitt anamulemba m'mabuku mu 1931 anachokera ku Zomba kwathu konkuno. Awa sakhalira udzu wokha. Amadya bowa, nkhono, abongololo, tizilombo ndi zipatso zakugwa. Chilimwe chonse amabisala m'mauna, pansi pa zipika kapena m'chulu, n'kudzatuluka ndi mvula yoyamba. Mukasunga wa gulu ili ndi wamawanga uja mumpanda umodzi mwalakwitsa kale, chifukwa chakudya chawo n'chosiyana ndipo wamkuluyo akhoza kumuphwanya mnzakeyo.

Tsono funso limene ambiri simunadzifunsepo: kodi wanuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi? Yang'anani mchira. Wa wamwamuna ndi wautali, wonenepa, ndipo amaupindira kumbali. Wa wamkazi ndi kachidutswa chabe. Yang'ananinso chigoba cha kumimba. Cha wamwamuna chimalowa m'kati pang'ono kuti akakwera pamsana wa mkazi asaterereke, pamene cha wamkazi n'chosalala mofanana. Nthawi zambiri wamkazi ndiye amakula thupi kuposa wamwamuna. Vuto n'lakuti akadali aang'ono onse amaoneka ngati aakazi. Mumatola awiri, mumawatcha mayina achitsikana, mumakhala nawo zaka zisanu mwamtendere, kenako mchira uja umatalika ndipo nkhondo imayamba.

Musachite manyazi ngati zinakuchitikirani. Pachilumba cha St Helena pali kamba wotchuka dzina lake Jonathan, amene akuti anaswedwa cha m'ma 1832 ndipo anafika kumeneko kuchokera ku Seychelles mu 1882. Mu 1991 anamupezera mnzake wotchedwa Frederica, anthu n'kumadikira mazira. Mu 2017, patapita zaka 26, ndi pamene anazindikira kuti Frederica uja ndi wamwamuna. Amenewotu ndi akamba okhala pabwalo la nyumba ya bwanamkubwa, oonedwa ndi dokotala wa ziweto.

Mfundo yachiwiri: amatha msinkhu liti, ndipo mudziwa bwanji?

Kamba sathera msinkhu pa zaka zokha, amathera pa kukula kwa thupi. Kutchire, kumene chakudya chimabwera ndi mvula n'kupita ndi chilimwe, wamawanga uja amatenga zaka 12 mpaka 15 kuti ayambe kubereka. Pakhomo, pamene wosamalira maluwa amathirira kapinga chaka chonse ndipo kukhitchini kumachokera makoko a mapapaya ndi masamba a kabichi tsiku ndi tsiku, amakula msanga, ndipo ena amafika pamsinkhuwu ali ndi zaka 6 kapena 8. N'chifukwa chake zimakudzidzimutsani. Inu mukumuonabe ngati mwana, chonsecho mwini wakeyo ndi tonde kale. Ndipo poti akamba amenewa amakhala ndi moyo zaka zoposa 50, khalidwe mwayamba kulionalo silitha chaka chamawa. Lidzabwera chaka ndi chaka, mwina mpaka adzukulu anu adzalione.

Khalidweli limakula nyengo yotentha ndi yamvula. Dzuwa la Okutobala likapsa, mitambo n'kuyamba kusonkhana, fungo la mvula yoyamba likamveka, kamba amene miyezi ya mwera ankangogona pansi pa maluwa amadzuka ndi mphamvu zachilendo. Amayenda m'mphepete mwa mpanda mpaka kupanga kanjira. Amanunkhiza pansi. Amachepetsa kudya. Amagunda ndowa, mphika wa maluwa, phazi la munthu. Amakwera mwala, nsapato, mpira, chilichonse chozungulira cha msinkhu wake.

Pali chizindikiro china chimene, mafumu mundikhululukire, ndiyenera kuchitchula ngakhale pali ana, chifukwa chaphetsa akamba osalakwa. Wamwamuna akakula, nthawi zina, makamaka akakhala m'madzi, amatulutsa chiwalo chake chachimuna kuchokera kumchira. N'chachikulu modabwitsa, chakuda mofiirira, ndipo amene sanachionepo amaganiza kuti matumbo atuluka. Ena amayesa kuchikankhira m'kati ndi kamtengo, ena amati kamba wavulala n'kumupha. Musiyeni, chimabwerera chokha pakapita mphindi zochepa. Chikakhala kunja maola angapo, chikuuma kapena kutupa, pamenepo ndiye pali vuto. Muikeni pansalu yoyera yonyowa kuti chisakhudze mchenga, n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto.

Mfundo yachitatu, ndipo apa ndichedwapo: ndewu ya aamuna ndi nkhani ya malo.

Anthu amati kamba akuteteza dera lake. Mawuwa ndi oona pang'ono chabe. Kamba sali ngati mkango umene umalemba malire ndi mkodzo n'kumalondera. Kutchire kamba aliyense ali ndi dera limene amalidziwa bwino: kumene kumakhala madzi mvula ikagwa, chitsamba cha mthunzi wabwino, una wobisalamo moto ukabwera, pamene pamamera udzu wanthete. Dera limeneli ndi lalikulu kuposa mmene mungaganizire poona mayendedwe ake. Ofufuza ku South Africa amene anamangirira tizipangizo totumiza uthenga pa akamba amawanga anapeza ena akuyendayenda m'dera loposa mahekitala 100. Madera a akamba osiyanasiyana amalowana, ndipo palibe amene amathamangitsa mnzake chifukwa chodya udzu pafupi. Amangodutsana, aliyense n'kumapita kwake. Kamba ndi nyama yokhala yokha.

Ndewu imabuka aamuna awiri akakumana nyengo yokwerana, makamaka pamene pali fungo la wamkazi. Amayamba n'kununkhizana. Kenako aliyense amabweza mutu m'chigoba, amaimirira pamiyendo, n'kudzigwetsera kutsogolo kuti agunde mnzake ndi mphepete mwa chigoba. Phokoso lake limamveka patali, gu! gu! Amakankhana, amalumana miyendo, ndipo aliyense amafuna kulowetsa chigoba chake pansi pa mnzake kuti amutukule n'kumugoneka chagada. Kutchire ndewu imeneyi sikhalitsa. Wogonja amatembenuka n'kuchoka, ndipo mungadabwe kuona liwiro limene kamba wogonja ali nalo. Wopambana amamutsatira pang'ono n'kumusiya. Mlandu wathera pomwepo. Mwina sadzakumananso chaka chimenecho. Chimene chimaweruza milandu ya akamba kutchire ndi mtunda. Ndibwereze: chimene chimaweruza milandu yawo ndi mtunda.

Tsono inu mwawaika mumpanda wa mamita asanu. Wogonja watembenuka kuti achoke monga mwa lamulo la mtundu wake, wayenda pang'ono, wagunda khoma. Wabwerera. Kwa wopambana uja, kubwerera kumeneku ndi mwano, ndiye kuti mdani sanagonje, ndewu iyambirenso. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Makolo anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo amayi amene mumaweta nkhuku mukudziwa zimene zimachitikira tambala wogonja akasowa kothawira: amakhala pakona, lipombo lili magazi, osayandikira chakudya, mpaka kuwonda. Kamba wogonja amachita zomwezo, kungoti iye salira ndipo kuwonda kwake kumabisika m'chigoba. Mumadzazindikira mochedwa, mutamunyamula n'kumva kupepuka. Zilonda za m'miyendo zimaitana ntchentche, ntchentche zimasiya mphutsi, ndipo nyengo yamvula chilonda chotere sichichedwa kuola.

Choopsa kwambiri ndi kugadabuzika. Mapapo a kamba ali kumtunda, pansi penipeni pa chigoba cha kumsana. Akagona chagada, katundu yense wa m'mimba amatsamira pamapapopo, kupuma n'kumavuta. Kutchire amatambasula khosi ndi miyendo, amakodola udzu kapena mwala, n'kudzitembenuza. Nanga pabwalo lathu losesedwa bwino lija, kapena pakhonde la simenti, akodola chiyani? Amangopalasa mphepo. Dzuwa la kuno ku Mangochi mwezi wa Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 35, silifuna tsiku lonse kuti limalize kamba wogona chagada. Alonda ndi osamalira maluwa, inu ndinu mumakhalapo eni nyumba ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Nyengo imeneyi muziponya maso kumpanda m'mawa, masana ndi madzulo. Mukamupeza chagada mutembenuzeni pang'onopang'ono, mumuike pamthunzi, mumupatse madzi osaya oti alowemo.

Za kuluma zala nazo zili ndi chifukwa. Kamba amaona mitundu bwino, ndipo chofiira ndi chachikasu zimamukumbutsa zipatso ndi maluwa. Chala chopaka utoto wofiira chili mupatapata ndi chakudya m'maso mwake. Nthawi zinanso wamwamuna amaona phazi loyenda m'dera lake ngati mnzake wolimbana naye. Alibe mano, koma mlomo wake ndi wakuthwa ndithu. Sanakudeni. Sanapenge. Wakula.

Mfundo yachinayi: kukwerana ndi mazira.

Pali chifundo china chimene chimapweteka. Munthu amaona kamba wake akuzungulira mpanda n'kunena kuti, "Akusowa mnzake, timupezere mkazi." Amatuma ana kutchire, mkazi amabwera, ndipo mavuto amene anali a kamba mmodzi amasanduka a awiri.

Kufunsira kwa kamba kulibe ulemu. Wamwamuna akamva fungo la wamkazi amamulondola maola ambiri, mwina masiku. Amamugunda m'mbali ndi kumbuyo, amamuluma miyendo kuti aime, kenako amakwera, khosi atatambasula, kukamwa atayasamula, akutulutsa kubuula kuja kumene kumadabwitsa anthu, poti masiku ena onse kamba ndi nyama yachete. Kutchire wamkazi akakhala kuti sakufuna amangopitiriza ulendo, amalowa m'ziyangoyango, mwamuna uja n'kugwa yekha. Akalola, zikatha amasiyana, aliyense njira yake. Palibe banja la akamba. Mumpanda wamkazi alibe kolowera. Amagundidwa m'mawa, amakweredwa masana, amalondoledwa madzulo, mwezi wathunthu. Chigoba chakumbuyo chimaperepeseka, kumchira kumachita zilonda, kudya amasiya. Mtunda uja umene umaweruza milandu ya aamuna ndi womwewo umene umapumitsa wamkazi. N'chifukwa chake oweta akamba mwaukatswiri sasiya mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi pamodzi chaka chonse. Amaika aakazi angapo pa mwamuna mmodzi m'malo aakulu, apo ayi amawalekanitsa.

Pa za mazira pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, wamkazi akhoza kuikira mazira popanda mwamuna, kungoti saswa. Chachiwiri, wamkazi amene anakweredwapo amatha kusunga mbewu ya mwamuna m'thupi mwake kwa zaka. Choncho kamba amene munamutola kutchire chaka chatha kapena dzana lake, amene wakhala yekha mumpanda nthawi yonseyi, akhoza kuikira mazira n'kuswa ana. Palibe zamatsenga pamenepo.

Nthawi yoikira ikakwana, wamkazi nayenso amasowa mtendere. Amayendayenda, amanunkhiza dothi, amayesa kukumba apa n'kusiya, apo n'kusiya. Akapeza pamalo pomukomera, kawirikawiri chakumadzulo, amakumba ndi miyendo yakumbuyo, mwendo uno kenako winawo, osayang'ana n'komwe. Dothi likalimba amalikodzera kuti lifewe. Ntchitoyi imatenga maola. Wamawanga uja amaikira mazira asanu mpaka 30 pa nthawi imodzi, oyera, ozungulira, a chigoba cholimba, ndipo akhoza kubwereza kangapo nyengo imodzi, patapita milungu itatu kapena inayi. Aang'ono a chigoba chotseka aja amaikira ochepa, kawirikawiri osafika khumi. Akatha amakwirira, amatsendera dothi ndi chigoba cha kumimba, n'kuchoka osatembenuka. Udindo wake wathera pomwepo. Mukamuona akukumba, thamangitsani ana ndi agalu, muonerere muli patali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamusokoneza amasiya dzenje, mazira n'kutsala m'mimba.

Kutsala kwa mazira m'mimba ndi imfa imene imachitika mwakachetechete m'mipanda ya simenti ndi ya miyala. Wamkazi akasowa dothi lokumba amasunga mazira aja mpaka amamudwalitsa. Amasiya kudya, amadzikakamiza ngati akufuna kuchita chimbudzi koma osatulutsa kanthu, miyendo yakumbuyo imafooka. Aliyense amene ali ndi kamba wamkazi wamkulu, kaya pali mwamuna kaya palibe, ayenera kumusiyira malo a dothi losakaniza ndi mchenga, lakuya kufika m'chigongono, pamene pamawomba dzuwa. Mchenga kuno sitigula. Ayeneranso kumupatsa zolimbitsa zigoba za mazira: makoko a mazira a nkhuku owiritsa n'kusinja, zigoba za nkhono, kapena fupa louma loti azikukuta. Nsima, buledi ndi mpunga wotsala si chakudya cha kamba, ngakhale amadya mukamupatsa.

Mazira akakwiriridwa musawafukule. A kamba wamawanga amatenga miyezi 8 mpaka 15 kuti aswe, ndipo anthu ambiri amatopa kudikira, amafukula, n'kupeza kamwana kamoyo m'dzira limene aliphwanya. Mukawafukula mwangozi polima, musawatembenuze. Nkhuku imatembenuza mazira ake, koma dzira la kamba likakhala masiku ochepa kamwana kamamatirira kumtunda, ndipo mukalizunguza kamafa. Libwezereni mmene linakhalira. Kutentha kwa dothi ndi kumene kumasankha ngati ana adzakhale aamuna kapena aakazi: dothi lotentherapo limatulutsa aakazi ambiri, lozizirirapo aamuna ambiri. Adani a chisa ndi ng'azi, amene kuno kunyanja ndi ambiri, agalu ndi linthumbu, ndipo tiana tikatuluka akhwangwala amatitola ngati mtedza. Mwa mazira onse amene kamba amaikira kutchire, ochepa kwambiri ndi amene amafika pokhala akamba aakulu. Musaiwale chimenechi, chifukwa chikutitengera ku mfundo yotsiriza.

Mfundo yachisanu: tichite chiyani?

Ndiyamba ndi inu amene muli naye kale. Aamuna awiri alekanitseni lero, ndipo chowalekanitsacho chikhale choti asaonane. Waya wa nkhuku sathandiza, chifukwa kamba samvetsa chinthu chimene akuona kuseri kwake koma osadutsa, ndiye amakankha mpaka kusupuka mphuno ndi miyendo. Njerwa, matabwa kapena bango lothithikana ndiye zabwino, ndipo mpandawo utalike kuposa kawiri kutalika kwa kambayo, poti aang'ono aja amakwera modabwitsa. Malo akhale aakulu mmene mungathere. Musawasese mpaka mbee. Musiyemo udzu, zitsamba, zipika ndi miyala, kuti wofuna kubisala abisale ndipo wogadabuzika apeze pokodola. Madzi akhale m'chiwiya chosaya, ndipo mthunzi usasowe nthawi iliyonse ya tsiku.

Chizolowezi choboola chigoba n'kumangapo chingwe chithe. Chigoba si chipewa chimene kamba wavala. Ndi fupa lamoyo, nthiti ndi msana wake zimene zinalumikizana, ndipo lili ndi magazi ndi mitsempha. Akamabooledwa amamva ululu. Wamwamuna womangidwa nyengo yokwerana amakoka chingwe mpaka chigoba kung'ambika. Utoto nawonso musamupake. Ndipo amene wagwira kamba asambe m'manja ndi sopo asanadye, makamaka ana, chifukwa akamba amanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba.

Tsono kwa inu amene mulibe, makamaka ana asukulu: musatole. Akuluakulu anati kamba amanyera amene wamutola. Mwambiwu amaunena pa za anthu, koma anautenga pa chinthu chenicheni. Kamba ukamunyamula amatulutsa madzi ambiri chifukwa cha mantha. Madzi amenewo ndi nkhokwe yake, amene anasunga m'thupi kuti adutse nawo chilimwe. Mukamunyamula mu Seputembala n'kumutayitsa madziwo, ngakhale mumubwezere pansi, mwamulanda chimene chikanamufikitsa ku mvula. Ndipo amene mumakumana nawo panjira miyezi ya mvula nthawi zambiri ndi aamuna amene akulondola fungo, kapena aakazi amene akufuna pokumba. Mukachotsa wamkazi mmodzi wamkulu kutchire, mwachotsa nyama imene inapulumuka kwa akhwangwala, kwa ng'azi ndi ku moto wolusa zaka zoposa khumi kuti ifike poikira, ndipo ikanaikira zaka makumi angapo zikubwerazi. Wolowa m'malo mwake sapezeka msanga.

Lamulo nalonso lilipo. Mapiri a Nkhudzi ndi a Mwenya, ngakhalenso chilumba cha Boadzulu chimene timachiona tili pagombe pano, ndi mbali ya paki ya Lake Malawi imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kutengamo nyama iliyonse ndi mlandu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna chilolezo kuti munthu asunge kapena kugulitsa nyama yakutchire yotetezedwa. Akamba onse apamtunda ali pa mndandanda wa pangano la mayiko la CITES, limene Malawi analowamo mu 1982, choncho mlendo amene akugula kamba pamsewu kuti apite naye kwawo popanda zikalata akudziika m'mavuto, ndipo akuikamonso womugulitsayo. Inu ogwira ntchito m'malo ogona alendo, auzeni zimenezi mwaulemu. Oweta mbuzi mumvenso ichi: mu 2000 dziko la America linaletsa kulowetsa akamba a mitundu itatu ya ku Africa, kuphatikizapo wamawanga uja, chifukwa cha nkhupakupa zimene amanyamula, zimene zikhoza kufalitsa matenda a heartwater opha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Kamba wochokera kutali si woti mungomuponya pafupi ndi khola.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuganiza kuti, "Basi, mawa ndikamutaya kuphiri." Dikirani. Kamba amene mwamutola dzulo kapena sabata yatha, mubwezereni pamalo penipeni pamene munamupeza, chifukwa ndi pamene akudziwa madzi ndi mauna. Koma amene wakhala pakhomo zaka, amene mwina anachokera ku Chikwawa kapena ku Mozambique, amene wakhala pakati pa nkhuku ndi akamba ena, musamutaye paliponse. Akhoza kupatsira matenda akamba akutchire, ndipo poti malowo sakuwadziwa amangoyenda kufunafuna kwawo mpaka galimoto kapena moto zimupeze. Kaonaneni ndi a gemu, kaya a paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear kaya a ku Liwonde, muwafotokozere kumene munamutenga ndi zaka zimene mwakhala naye. Ku Lilongwe kulinso Lilongwe Wildlife Centre, kumene amalandira nyama zakutchire zopulumutsidwa ndipo kuli madokotala ake. Iwo ndi amene angaone ngati kambayo angabwerere kutchire, ndi kuti.

Chotsalira ndi cha pamsewu. Mvula ikayamba, inu a njinga zamoto ndi a minibasi oyenda pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay mudzakumana nawo akuwoloka tala. Chepetsani liwiro. Ngati n'kotheka kuima bwinobwino, imani mumudikire awoloke yekha. Ngati magalimoto achuluka, munyamuleni ndi manja awiri, chamunsi pafupi ndi nthaka, osamupendeketsa, mumuwolotsere mbali imene amalowera n'kumusiya m'udzu mamita angapo kuchoka pamsewu. Mukamubwezera kumene amachokera adzatembenuka n'kuyambanso kuwoloka inu mutapita.

A wapampando, ndaona manja angapo ali m'mwamba kumbali ya aphunzitsi ndi kwa abambo olondera. Ndiima pano kuti tiwamve.